Maliro a Bambo Amoyo ku Linga la ku Dakota

A Kumataro Shiozaki anali mwana woyamba wa a Gihei ndi mai Oriku, asodzi a ku Wakayama, ku Japan. Anawoloka nyanja akadali mnyamata, nakhazikika pa kachilumba ka asodzi pafupi ndi Los Angeles. Kumeneko anakwatira mai Tsuneyo, nabereka Isamu, Fusae ndi Kinuyo, amene walemba izi. Zidzukulu inu, wina asadzakunamizeni kuti munthu ameneyu anali wopepera.

Isamu atabadwa, a Kumataro anachita zimene mwana woyamba aliyense amachita. Anatumiza dzina la khandalo kwawo kuti lilembedwe m'kaundula wa banja, pansi pa dzina la a Gihei.

Mu Febuluwale 1942, nkhondo ya America ndi Japan itabuka, apolisi anagwira asodzi onse obadwira ku Japan. Anayenda masiku anayi pa sitima yotseka makatani. Potsika ku Dakota anapeza chigwa choyera mbee ndi chisanu, chopanda phiri, chopanda nyanja, ndipo pakati pake linga lakale la asilikali: nyumba za njerwa, waya waminga, nsanja za alonda. Kuzizira kwake, nsidze zinkauma gwa.

Koma chimene chinkawaondetsa a Kumataro ndi bwalo. Aliyense ankaitanidwa kukaima pamaso pa azungu atatu. Mphekesera zinali zoti amene apezeka kuti mtima wake uli ku Japan amkweza sitima ya pamadzi yobwerera kwawo, ana ake n'kutsala. Pamenepo n'kuti mai Tsuneyo ndi ana atawatsekera ku msasa wina m'chipululu.

Tsiku lawo litakwana, a Okuno, wometa tsitsi amene ankagona bedi loyandikana ndi lawo, anawameta ndevu.

"Achimwene, mukalowa musakawerame. Akaona msana wopindika aziti mukulambira mfumu ya ku Japan."

"Nanga ndikaime ngati mzati?"

"Ngati mzati wa wayawo. Ndipo lekani kunjenjemera, ndikudulani khutu. Asodzi inu pa boti mumalimba, koma kungoona tebulo mawondo zii!"

Patebulopo panali pepala la kaundula lija, lotengedwa m'nyumba mwawo. Mzungu wa pakati anafunsa kudzera mwa womasulira chifukwa chimene mwana wobadwira ku America analembedwera ku Japan. A Kumataro anati ndi mwambo basi.

"Bambo anuwa akakuitanani, mudzakana?"

Mwana woyamba sakana bambo wake, zimenezo a Kumataro ankazidziwa ngakhale ali m'tulo. Koma anaona nkhope ya Fusae, mano ake awiri akutsogolo atangoguluka kumene.

"Sangandiitane. Anamwalira chaka chatha."

Mzungu uja analemba, nawauza kuti atuluke.

Womasulirayo anali munthu wachifundo, ndipo chifundo chakecho n'chimene chinavuta. Anakauza anthu ku nyumba yogona kuti a Shiozaki akhala ndi maliro mumtima osauza munthu. Madzulo ake a Okuno anabwera maso ali ofiira.

"Achimwene, mwatitenga ngati ife agalu? Bambo kumwalira, inu duu! Mwambo wa chaka munachita?"

"Ayi, zisiyeni, nthawi ino si yabwino."

"Yabwino idzachokera kuti? Ansembe tili nawo asanu ndi awiri muno, akungodya mbatata za boma. Agwireko ntchito."

Akanakana bwanji? M'lingamo munalinso amakutu, onyamula nkhani kupita nazo ku ofesi. Kungoti "bambo ali moyo", mawa lake akanabwerera patebulo paja ngati wabodza.

Lamlungu amuna oposa makumi asanu anagwada m'chipinda chodyera. Wansembe wokalamba anali atasema kathabwa ka bokosi la zipatso, nalembapo ndi inki dzina latsopano limene munthu amapatsidwa akafa. Anayamba kuimba mapemphero. A Kumataro anaitanidwa kutsogolo kuti ayambe iwo kufukiza lubani. Lubani anamwazikira pansi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Ankangoganiza za a Gihei atakhala pakhonde ku Wakayama, akusoka ukonde, osadziwa kuti mwana wawo akuwaika m'manda kutsidya kwa nyanja. Analira mokweza, anthu n'kumati taonani mwana wokonda bambo wake.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi anawalola kupita kwa banja lawo ku chipululu. Kathabwa kaja anakakulunga m'malaya, chifukwa kukataya kukanakhala kupha bambo awo kawiri.

Nkhondo itatha kunabwera kalata ya mlongo wa a Kumataro. A Gihei anamwalira m'chilimwe cha 1943, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankafunsa ngati Kumataro wafika. Mai Tsuneyo anati nkhalambayo inali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, inapita ndi ukalamba. A Kumataro sanakwerenso boti. Anakhala wosamalira maluwa m'nyumba za azungu mpaka ana onse atatha sukulu, ndipo kawiri konse anakonza ulendo wa ku Wakayama n'kuulephera tsiku lonyamuka.

Zonsezi anatiuza mu 1961 ali m'chipatala. Anagwira dzanja la Isamu, namupempha kuti akatsuke mwala wa pamanda a a Gihei, akathirepo madzi, akanene kuti Kumataro wapepesa. Isamu anavomera. Lero akuyenda ndi ndodo, ndipo sanapitebe.