Seva M'kachipinda ka Matsache

Seveni koloko isanakwane ndinawapeza a Mawaya atagwada m'kachipinda kanga ka matsache, akuyeza khoma. Timawatchula choncho chifukwa ndiwo amalumikiza makompyuta pakampani pathu. Ndi bambo osakhulupirira kanthu. Soketi amainunkhiza, denga amaligogoda, ngakhale moni amayamba amuunika kaye asanayankhe.

M'kachipindamo ndi momwe ndimayamwitsira mwana masana, mng'ono wanga akabwera naye. Akandilanda ndizikayamwitsira kuti?

"Mukufunamo chiyani, achimwene?" ndinafunsa.

"Malo a seva, mayi. Ndi kompyuta yolondera zinzake. Ina ikadwala, iyo imandiuza pafoni."

"Bwanji osakaiika kuchipinda chozizira kuli zinzakezo?"

"Magetsi akazima kumeneko, mlonda afere limodzi ndi olonderedwa? Ndiye andiuza ndani?"

Ine ndinakayikabe. "Kapena ndi yolondera ifeyo? Akutumani mabwana eti?"

Anaseka pang'ono, koma ataona ketulo yanga pasoketi nkhope inachita makwinya. Akuti komwe ankagwira kale, wina anazula seva kuti awiritse madzi a tiyi, ndipo mpaka lero aliyense wonyamula ketulo amamuona ngati mfiti. Kenako maso awo anagwera pa matewera amene ndinayanika pachingwe.

M'mawa mwake anapachika kabokosi kachitsulo m'mwamba, pafupi ndi denga, anakakokera chingwe chakechake cha magetsi n'kukhoma loko. Mpando wanga sanausunthe.

"Chipinda n'chanube, mayi a mwana," anatero. "Koma kabokosika kamafunda, ndipo ndakuonani mukukayang'ana. Chonde, musadzayanikepo matewera."