Chimbudzi cha a Nowa ndi Apongozi Awo

A Nowa anabwera m'mudzi muno kudzakhala pa chikamwini njala ya fote naini itangotha kumene, anthu makosi akadali aatali ngati akakowa. Kwawo ndi ku Mpingu. Anafika kuno kwa Kabudula ndi bulangete, jekete la ku Joni, ndi piki ya ku mgodi. Kaya pikiyo anachita kupatsidwa, kaya inangowatsatira yokha, ife sitinafunse. Anakwatira Anesi, mwana wa aNambewe, ndipo chaka chisanathe kunabadwa Gertrude, kamtsikana kamphumi kofanana ndi atate ake ngati anachita kulavula.

Munthu wake ndi wamfupi, wamapewa ngati mtondo, wosayankhulayankhula. Akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja. Koma mukawapatsa piki, ee, nthaka imachita kupepesa. Zitsime, nkhuti zoumbira njerwa, zitsa za m'munda wa fodya, zonse anthu ankati, "Kaitaneni amuna a Anesi."

Ulemu ndiye osanena. Kuno mkamwini saonana maso ndi apongozi ake aakazi, sadyera pamodzi, sakumana panjira. Ena amangochita mwa mwambo chabe, koma a Nowa ankachita ndi mtima wonse. Akangomva kutsokomola kwa aNambewe kutsogolo, ankalumphira patchire, ngakhale pakhale chitedze. Tsiku lina anabwera akudzikanda thupi lonse mpaka ana kuwaseka.

Mantha ake anali ndi chifukwa. Mwini mbumba pakhomopo ndi a Ignatius, achimwene ake a Anesi, munthu wa mtima wapachala. Iwowa anali atapirikitsa kale mwamuna wa mng'ono wake wa Anesi chifukwa chodzuka mochedwa nthawi yopalira. Anangomuponyera mphasa pabwalo, basi ukwati watha, ana n'kutsala. Ndi mmene zilili kuno: mkamwini akapita amapita yekha, ana ndi a kuchikazi. A Nowa akamuyang'ana Gertrude akudya dothi pakhonde, ankadziwa kuti atangolakwa kamodzi, mwana ameneyu adzamuonera patali ngati mwezi.

Ndiye kunabwera lamulo la zimbudzi, nthawi yomweyo ya Chitaganya imene a malimidwe ankativutitsa ndi mizere. Wobweretsa lamulo anali kapitawo wa zaukhondo, a Hudson, mnyamata wamtali wa kabudula wa khaki ndi njinga yolira belu. Kumaso tinkati a Kapitawo, kumbali tinkati a Zimbudzi. Ankayenda ndi nsungwi yaitali yoyezera maenje, chifukwa anthu anali atachenjera: kukumba kofika m'mawondo, kuzinga ndi udzu, basi.

"Kodi ichi n'chimbudzi kapena chisa cha nkhuku?" ankatero a Hudson, nsungwi itagunda pansi isanalowe n'komwe.

Atafika pakhomo pa a Nowa anaona nyumba ziwiri zoyang'anana, ya Anesi ndi ya aNambewe, omwe amuna awo anapita ndi njala ija.

"Khomo ndi limodzi ili, eti? Chimodzi chikwana. Mukumbe apa pakati, kuti agogo asamayende mtunda."

A Nowa anafuna kukana. Akanayamba bwanji? Kutchula apongozi ndi chimbudzi m'mpweya umodzi, pamaso pa mlendo, eni ake ali pakhonde pomwepo akusenda nthanga? Anangoti, "Inde, bwana."

Ndipo anakumbadi. Dzenje lake nsungwi inalowa yonse, a Hudson mpaka kugona chafufumimba. Pamwamba anayala mitengo ya muwanga yosadyedwa ndi chiswe, khoma lozira bwino, denga la udzu wosankha, chivundikiro cha thabwa chokhala ndi chogwirira. Kunena zoona, chinaposa nyumba zina zimene timagonamo. A Hudson anayamba kubwera ndi anthu a midzi ina, ena ochokera ku Nsaru, kudzaona.

"Lowani, lowani! Mwaona ntchentche ngakhale imodzi? Fungo mukulimva? Munthu waukhondo ndi uyu!"

A Nowa ankaima pambali chipewa chili m'manja, akuyang'ana zala za kumapazi. Alendo ankati n'kudzichepetsa. Ayi ndithu. Fungo likanachokera kuti? Chimangireni, iwo anali asanalowemo. Mumtima mwawo ankati, ichi n'cha apongozi. Ine ndikagwade pamene amagwada amayi obala mkazi wanga? Nanga nditatsegula chitseko n'kuwapeza? Bola kufa.

Chimene sankadziwa n'chakuti naonso aNambewe ankaganiza chimodzimodzi: chokumba mkamwini n'cha mkamwini. Anesi ankadziwa zonse ziwiri, koma angauze ndani? Amayi ake, kapena amuna ake? Iye ankangosesa kanjira kake m'mawa uliwonse kuti kaoneke koyendedwa, n'kumaopseza ana kuti asadetse chimbudzi cha alendo.

Kale anthu ankapita kutali, kuthengo la kuphiri. Koma thengolo linali litatha ndi minda ya fodya ndi nkhuni zowotchera. Pobisala panatsala pamodzi: m'mabango a kudambo, kumtunda kwa chitsime chimene tonse timamwa.

Mvula itagwa yoyamba, yachiwiri, m'mudzi munalowa kamwazi. Anayamba ndi ana. Maliro awiri anatuluka motsatizana, ndipo anthu anayamba kufuna woloza chala. Chala chinagwera a Hilario, bambo wopuwala miyendo wa kumapeto kwa mudzi. Iwowa analibe chimbudzi ngakhale chonamizira, poti analibe nkhuku kapena mowa woitanira okumba. A Ignatius analamula kuti akazi a Hilario asapondenso pachitsime. Mayi wachikulire uja anayamba kukatunga ku mtsinje, kutali, mtsuko pamutu, akupumira m'njira. A Nowa ankamuona akudutsa kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ankalowa m'nyumba ngati aona apongozi.

Kenaka anadwala Gertrude. Mwana anaphwa ngati dzungu lofota, maso kulowa m'kati. A Nowa anamubereka okha kumsana, mwamuna wamkulu ndi nsalu ya mkazi wake, ulendo wa ku chipatala cha mishoni ku Nambuma, Anesi akuthamanga pambuyo. Asisitere atamuona mwana anafunsa:

"Madzi mumatunga kuti?"

"Pachitsime cha kudambo, amayi."

"Chimbudzi muli nacho?"

"Tili nacho, amayi. Chabwino kwambiri."

Anesi akuti anangoyang'ana kudenga. Asisitere anati mwana atsale ndi amayi ake, za mawa adziwa ndi Mulungu, ndipo anatumiza mawu kwa a Hudson kuti akaone chitsimecho.

A Nowa anabwerera okha kudzayang'anira munda. M'mawa mwake, dzuwa litakwera ndithu, namonso m'mimba mwawo munayamba kupota. Anatuluka, n'kuima pa kanjira kosesedwa kaja. Chitseko chili apo, mapazi ochepa chabe. Anachiyang'ana, anayang'ana nyumba ya apongozi, miyendo n'kuwatengera yokha kudambo.

Analowa m'mabango chowerama, akumasula lamba. Atapatula bango lomaliza, maso ndi maso ndi aNambewe.

Amayi inu! Zimene anazithawa zaka zonsezi, kulumphira m'chitedze, kuzungulira mudzi, n'kudzakumana pamalo otero. ANambewe anangodzifunditsa nsalu kumutu. A Nowa pobwerera chambuyo anaterereka n'kugwera m'thope chagada, anadzuka, anagwanso, n'kuthawa atagwira buluku m'manja. Tsoka lake, pachitsime panali amayi akutsuka mitsuko. Anaona mkamwini akutuluka m'mabango ali thope lokhalokha, ndipo patapita kanthawi, apongozi ake akutuluka mbali ina, nsalu ili kumutu. Pofika masana, ngakhale mbuzi zinali zitamva.

A Hudson anafika tsiku lotsatira, belu osaliza. Anayamba ayenda m'mabango, anatulukamo atagwira mphuno, kenaka anaitana mudzi wonse pakhomo pa a Nowa. Anatsegula chitseko chija, n'kutukula chivundikiro. Kangaude anali atamanga ukonde wake pabowo, wokongola bwino. Anatsitsa nsungwi, ndipo inatuluka ndi katondo wouma kunsonga.

Panalibe woseka. A Nowa anakhala pansi pa nkhokwe, mutu uli pakati pa mawondo.

A Ignatius analowa m'nyumba ya mlongo wawo osaodira. Anatuluka ndi bulangete, jekete ndi piki, n'kuziponya pabwalo, fumbi kuti buu.

"Alamu, nyamulani. Mwatichititsa manyazi mpaka ku Nsaru. Mumaima apa ngati mfumu ya ukhondo, anthu akukuomberani m'manja, kumbali mukutithirira nyansi m'madzi? Mwana wa mlongo wanga ali gone ku Nambuma chifukwa cha inu. Njira ya ku Mpingu mukuidziwa."

A Nowa anadzuka. Sanakane kanthu. Anatola jekete, n'kunena motsitsa, "Ndamva, alamu. Koma ndilindireko mwana, ndingomuona ngati…"

"Mwana ndi wathu. Mudzamva uthenga."

Apo m'pamene aNambewe anatuluka m'nyumba mwawo. Chichitikireni za kudambo anali asanaonekere panja, ngakhale kudya. Anayenda chambuyo, msana kulozetsa kumene kunali mkamwini wawo, n'kukhala pansi kuyang'ana khoma.

"Ignatius."

"Wawa, amayi."

"Kodi kudambo kuja, atate ake a Gertrude anakumana ndi fisi?"

"Amayi, izi si zoti inu…"

"Ndafunsa. Anakumana ndi fisi, kapena ndi ine amako? Ukamanga katundu wawo umangenso wanga, tipitire limodzi ku Mpingu. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo, poti sitiyendera limodzi." Sanasiyire pomwepo. "Iwo amasiyira ine, ine ndimasiyira iwo. Ulemu ndi umene watidyera ana. Nanga iwe, kwa akazi ako kuja usanawatenge chitengwa, unkalowa cha apongozi ako?"

A Ignatius anayang'ana kumbali. Kumbuyo kwa gulu mayi wina anati, "Kwathunso akamwini salowa." Wina naye, "M'chimbudzi chathu muli nkhuku, ikuikira." Wina anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene wapsa ndi phala. Zinapezeka kuti pafupifupi khomo lililonse lokhala ndi mkamwini, wina ankapita kumabango.

A Hudson anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Anthuni, inenso ndine mkamwini, ku Nsaru. Chimbudzi cha pakhomo pathu ndinakumba ndekha, chakuya bwino. Koma ine m'mawa ndimakwera njinga kukafuna thengo." Anavalanso chipewa. "Akuluakulu anati khomo limodzi, chimbudzi chimodzi. Ndinaopa kuwauza kuti kwathu sizitheka. Ndinkati mwina inu kuno mwazolowera."

Ndiye kunamveka mawu kuchokera pansi, kumapeto kwa gulu. Anali a Hilario, omwe anabwera chokwawa.

"Tsono akazi anga ayambe kutunga, kapena adikire kaye mumalize kuulula?"

Palibe anawayang'ana kumaso. A Ignatius anatola piki ija okha, anaitembenuzatembenuza, n'kuiponya pafupi ndi mapazi a alamu awo.

"Mukumbe. Khomo lililonse ziwiri, china cha akamwini, china cha eni mudzi, zitseko zofulatirana. Muyambe kwa a Hilario. Bulangetelo likhale pakhonde. Mwana akabwera wamoyo, mulilowetse. Akapanda kubwera, musadikire kuti ndikuuzeni."

Sanakumbe okha. Akamwini onse a m'mudzi anatuluka ndi makasu, mwina chifukwa cha manyazi, mwina poopa kuti mabulangete awonso aponyedwa. Amayi ankamweta udzu ndi kuponda dothi. A Hudson anavula masokosi n'kulowa nawo m'dzenje, ndipo anatisonyeza pokumba chitsime chatsopano, kumtunda kwa mabango, chozinga ndi mpanda. Anati madzi tiziyamba tawiritsa mpaka matenda atatha. Kwa a Hilario ndi kwa amasiye kunakumbidwa popanda nkhuku kapena mowa. Akazi a Hilario anapatsidwa kutunga mtsuko woyamba pa chitsime chatsopano. Anatunga, koma sanathokoze munthu, ndipo ife tinalibe pakamwa powadandaulira.

A Nowa masiku amenewo sankayankhula ndi munthu. Ankalowa m'dzenje m'mawa, kutuluka dzuwa litapendeka, kudya pang'ono, n'kukagona pakhonde pambali pa bulangete lopindidwa, osalifunda. Aliyense wochokera njira ya ku Nambuma ankamuyang'ana pakamwa, koma osafunsa. Uthenga unkabwera wosiyanasiyana: lero wamwa phala, mawa wasanzanso.

Dzenje lomaliza linali la aNambewe, kuseri kwa nyumba yawo, kutali ndi chija chapakati. Tsiku limenelo a Nowa anali pansi penipeni, mutu osaoneka, dothi lokha likuuluka. Ndiye anamva phokoso pabwalo, amayi akuthamanga, wina akulira. Piki inaima. Kulira kwa chisangalalo ndi kwa maliro kumayamba mofanana, ndipo munthu ali m'dzenje sangasiyanitse. Anangotsamira khoma la dzenjelo, osayerekeza kukwera.

Kenaka pamwamba panamveka kamawu kosasa, kotopa.

"Atate ali kuti?"

A Nowa anagwira makwerero, anakwera pang'ono, n'kuona m'mphepete mwa dzenje mapazi awiri okalamba, ong'aluka zidendene. Anali aNambewe, atanyamula mdzukulu wawo, wowonda ngati kabango koma maso ali gwa. A Nowa anabwerera pansi msangamsanga.

"Anesi," anatero aNambewe, "auze amuna ako atuluke adzatenge mwana wawo. Ine ndatseka maso."

"Akuti mutuluke," anatero Anesi, akuseka ndi misozi yomwe.

"Auze atembenuke kaye," mawu anachokera m'dzenje.

"Ndikatembenuka mwana amulandira bwanji? Auze manja anga atopa."

Anatuluka, katondo thupi lonse, nkhope atalozetsa kumbali ngati munthu woopa utsi, n'kutambasula manja mopapasa mpaka anakhudza mwana. Gertrude anawagwira m'khosi. Anesi anapita pakhonde, anatola bulangete lija, analikung'untha fumbi, n'kulowa nalo m'nyumba. A Ignatius anali chiimire pa nkhokwe akuona zonsezi, ndipo anangofunsa ngati dzenjelo litha lero kapena mawa.