Wozula Mano a Zilombo

Ghislaine Perrachon ankafuna kukhala wojambula, koma ntchito imene anaipeza inali yofufuta. Anali mwana wa mmisiri woomba nsalu za silika ku Lyon. Mu 1970, ali ndi zaka makumi awiri, analembedwa ntchito pa kakampani kosindikiza timabuku tazithunzi. Nkhani zake zinkachokera ku Amereka: ngwazi zouluka, zombo zopita kunyenyezi, mitembo yodzuka kumanda. Ena ankamasulira mawu m'Chifalansa. Iye anapatsidwa burashi ndi kabotolo ka penti yoyera.

"Mtsikana iwe, akomiti ya boma ku Paris amadana ndi mano," anatero bwana wake, a Vauzelle. "Zula mano, wenga zikhadabo, pukuta magazi. Akangotiletsera buku limodzi, tonse tikagulitsa anyezi kumsika."

Dzanja lake linali laluso. Mpeni unkasanduka ndodo, chigaza chinkamera tsitsi, osaoneka pomwe padutsa burashi. Anzake ankamutcha Dokotala wa Mano, iye n'kumaseka nawo.

Mu 1976 bambo ake anamwalira. Atabwerako kumaliro, anapeza tsamba likumudikira patebulo: chilombo cha m'dambo chitanyamula mtembo wa nkhalamba imene inachilera.

"Mtembowo uchoke," anatero a Vauzelle. "Ikapo mtolo wa nkhuni."

Nkhalambayo anaipakadi penti, koma kujambula nkhuni dzanja linakana. Chilombo chinangotsala chitatambasula manja.

"Nanga chanyamula chiyani?"

"Palibe, bwana."

A Vauzelle anayang'ana tsambalo, kenako wotchi yawo. "Osindikiza akudikira. Lipite choncho."

Kampaniyo itatsekedwa, Ghislaine ankajambula mapu a mapaipi amadzi mpaka kupuma pantchito. Timabuku tija sanasungeko ngakhale kamodzi.

Akuyandikira zaka makumi asanu ndi awiri, pakhomo pake panafika bambo wina waimvi, Thierry Jacquemond, dalaivala wa basi amene ankatolera mabuku akalewo. Dzina la Ghislaine analimva kwa womasulira wina wokalamba.

"Mayi, ndinu amene munkatibera magazi athu?" anafunsa akumwetulira.

"Ndine ndemwe. Lowani, khofi yekha ndiye sindimuchepetsa mphamvu."

Thierry anatulutsa timabuku tiwiri tokutidwa m'mapulasitiki, ka Chifalansa ndi ka ku Amereka, n'kutsegula pa tsamba la chilombo chija.

"Ndinakawerenga ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Manja opanda kanthuwa ankandisowetsa mtendere. Ndinasaka ka ku Amereka zaka makumi atatu kuti ndione chinali m'manjamo. Nditakapeza ndinagwa ulesi. Kankhalamba chabe! Lanuli ndiye tsamba lenileni."

Ghislaine anavala magalasi. Anayang'ana nkhalambayo mpaka khofi anazizira.

"Si chabe ayi, bambo," anatero. "Taonani zalazi. Wojambulayu ankadziwa manja a munthu wogwira ntchito. Atate anga anali ndi zala zotere. Ndinakhala mpaka masana burashi ili m'manja, ndisanamupake."

Thierry anatulutsa cholembera n'kupempha kuti amusainire.

"Ayi. Ndisaine pa ntchito ya mnzanga imene ndinaiwononga? Musandikometse. Koma ka ku Amerekaka ndibwerekeni."

Nkhope ya Thierry inasintha. Kabukuko ngakhale mkazi wake sankamulola kukakhudza.

"Sabata imodzi, mayi. Ndipo khofi akhale kutali."

"Mukuopa kuti ndikapaka penti?"

Kanakhala mwezi wathunthu. Ghislaine ankakawerenga pang'onopang'ono, dikishonale yachingerezi ili pambali, pakuti zaka zonse zija ankangoona masamba omwazikana, osadziwa kuti nkhani zimathera pati.

Thierry atabwera kudzakatenga, anapeza mayiyo atalemba mndandanda wa timabuku tina khumi ndi tiwiri ta ku Amereka tomwe ankafuna kuwerenga. Thierry anali ndi tisanu tokha. Totsalato akutisakabe awiriwo Lamlungu lililonse pamsika wa zinthu zakale ku Villeurbanne, pafupi ndi Lyon, Thierry atagwada pamakatoni, Ghislaine atakhala pakampando kopinda, akumulozera ndi ndodo katoni yoti atsegule.