Tsiku Limene Ndinaperekeza Mfumukazi

Kwathu ku Biriwiri dziko limathera pamsewu. Ukangowoloka, phazi lako lili kale kwa eni ake. Lero timati ku Mozambiki, koma ndili mwana tinkati kwa Apwitikizi, ndipo nkhuku zathu zinkakadya kumeneko m'mawa n'kubwerako madzulo popanda wozifunsa chiphaso.

Ndikukumbukira bwino chaka chimene dziko lathu linasiyana ndi Mfumukazi ya ku Mangalande. Ufulu tinali titalandira kale, koma akuluakulu ankati mayiyo anali akadali pamwamba pathu, ndiye tsopano tinkafuna kudziimira patokha kotheratu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kamtsikana ka miyendo yotuwa ndi chisanu cha Julaye, kapakamwa, kodziyesa kodziwa zonse.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chikondwerero cha kusiyanako chichitike, aphunzitsi athu anakwera pa benchi n'kutsitsa chithunzi cha Mfumukazi chimene chinkakhala pamwamba pa bolodi. Pakhomapo panatsala malo oyera ndi buluzi wosowa kothawira.

"Ana inu," anatero aphunzitsi, "mlendo wathuyu wakhalitsa. Mawa akutuluka m'dziko muno, ndipo tisiyane naye mwaulemu."

Koma Mfumukazi ina inali kunyumba kwathu. Inali pa chitini cha tiyi chofiira, chisoti chonyezimira kumutu, maso ali pa aliyense wolowa pakhomo. Mayi anga, aNangozo, ankasungamo mbewu za mpiru ndi matimati zomanga m'tinsanza, ndipo chinkakhala pamwamba pa chipupa, pamene ife ana tinkaletsedwa kufikapo. Chifukwa chake sindinafunsepo. Kunyumba kwathu zosafunsa zinalipo zingapo, ndipo yaikulu inali ya bambo anga, amene anapita ku migodi ya ku Joni ine ndili kumsana.

Kutacha, mudzi wonse unakhamukira kubwalo la sukulu. Nkhungu inali isanachoke m'mapiri. Abambo anavala zikopa ndi nthenga, zishango m'manja, akuponda ngoma mpaka nthaka kunjenjemera, amayi akulira nthungululu. Ine ndinazemba n'kubwerera kunyumba, nkhani ili m'mutu. Dziko lonse lasiyana naye munthuyu, ife tokha tim'sunge? Si kumangidwa kumeneko?

Komanso ndinali mwana woleredwa. Kwathu mlendo sapirikitsidwa ngati galu wakuba mazira. Umam'konzera kamba wa panjira, n'kum'senzera katundu, n'kum'perekeza mpaka atuluke m'mudzi. Choncho ndinakwera pa mtondo, ndinatsitsa chitini chija, mbewu zonse n'kukhuthulira m'lichero. M'malo mwake ndinaikamo mbatata ziwiri zootcha ndi mtedza wodzaza dzanja. Ndinkadziwa kuti ku Mangalande n'kutali, mwinanso kupitirira pa boma pa Ntcheu.

Ndinasenza chitini pamutu, ndinadutsa m'dimba la kabichi, ndinawoloka msewu wafumbi uja, n'kukachikhazika bwinobwino pansi pa mtengo wa masuku, m'dziko la Apwitikizi. Ndinagwada n'kuwomba m'manja.

"Muyende bwino, mayi. Mukapereke moni kwanuko."

Pobwerera ndinkayenda monyang'wa, abale inu, ngati ndagwira ntchito ya boma.

Mayi anafika masana, mawu atasasa ndi nthungululu. Anaona mbewu m'lichero, kenako anayang'ana pachipupa. Ine, poyembekeza kuyamikiridwa, ndinafotokoza zonse, mpaka za mbatata. Mayi anali a dzanja lofulumira, moti nditaona nkhope yawo ndinayamba kuyeza mtunda wa pakati pa ine ndi khomo. Koma sanatole mthiko. Anangokhala pansi, manja ali pamaondo. Kakhalidwe kameneko kanandiopsa kuposa mkwapulo.

"Elube," anatero motsitsa mawu, "chitini chija n'chokhacho chimene bambo ako anatumiza chichokere. Kalata ayi, chithunzi ayi. Chomwecho basi."

Kalanga ine! Ine ndinkati ndaperekeza mzungu, osadziwa kuti ndataya bambo anga.

Mayi anandigwira padzanja n'kuyamba liwiro, kabichi wa eni tikuponda. Titafika pamtengo paja panalibe kanthu. Ndinayamba kulira mokuwa. Kenako tinamva kolokoto, kolokoto kumunsi kwa chitunda. Inali mbuzi ya kutsidya, itanunkhiza mtedza, ikugubuduza Mfumukazi ya ku Mangalande ndi mphuno. Mayi anaithamangitsa ndi mawu amene sindingalembe pano, iwo amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi.

Anatola chitini, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje. Chisoti chinali chitaphwanyika pang'ono, koma chivundikiro chinali chikadalipo. Atatsegula n'kuona mbatata zija, anaseka mpaka misozi, ndipo sindinadziwe pamene kuseka kunathera n'kuyamba kulira. Tinakhala pansi pomwepo, m'dziko la eni, n'kudya kamba wa Mfumukazi, imodzi iwo, imodzi ine. Kutsidya ngoma inali ikumvekabe.

"Boma lasiyana naye, chabwino, nanenso ndavina," anatero akunyamuka. "Koma uyu ndi wa m'nyumba mwanga. Msewu uwu unanditengera kale mmodzi. Wachiwiri ayi."

Bambo sanabwerere. Anasanduka mtchona, ndipo manda awo sitikuwadziwa.

Lero msewu uja ndi wa phula, mabasi amangodutsa fyuu, ndipo a kutsidya nawonso anapeza ufulu wawo kalekale. Adzukulu anga za Mfumukazi amaziwerenga m'buku la sukulu n'kumayasamula. Mwana wanga wamwamuna naye ali ku Joni, koma iye amandiimbira Lamulungu lililonse, nkhope yake n'kumaoneka pa foni, ine n'kumam'kalipira kuti waonda. Mayi anadikira moyo wawo wonse zimene ine ndimapeza pongodina kabatani.

Chitini chija chili kwanga, pamwamba pa kabati, muli mbewu za mpiru. Nkhope ya Mfumukazi inafufutika yonse ndi manja a mayi, pangotsala pophwanyika paja. Mwana wanga akamabwerera ku Joni ndimam'konzera kamba, mbatata ndi mtedza, n'kum'perekeza mpaka pamsewu. Ulendo wina anapempha kuti ndimuikire m'chitinimo. Ndinam'patsa jumbo.