Tsiku Limene Malo a ku Canada Anatha

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikungokhala pakhomo ku Ndunde, nditamaliza kosi ya kompyuta ku Limbe. Amalume ndiwo anandilankhulira kwa Che Yusufu, bambo wa kasitolo kotchajitsa mafoni, kukopa mapepala ndi kulembera anthu makalata. Maso a bamboyu anali atayamba kuvuta, ndiye ankafuna munthu wokhala pa kompyuta.

"Mawa ulawire, mwanawe," anatero Che Yusufu. "Koma za anthu zimene uziona apa, uzizisiya pompano."

Zipangizo zathu zinali laputopu imodzi, pulinta yokhala ndi sikana pamwamba, rauta imene tinkaikhazika pawindo kuti igwire netiweki, ndi inivata yolumikiza ku batire ya galimoto magetsi akathima. Ntchito yambiri inali makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati. Za sukulu zakunja ndinayamba kuzidziwa atabwera a Bernadetta.

Anali mayi wamasiye wa ku Mikolongwe, wa mwana mmodzi wamkazi. Ankagwira ntchito ku bungwe la alimi a ng'ombe zamkaka, kubaya jakisoni, kuthandiza ng'ombe zikamabereka ndi kuyeza mkaka. Anabwera pa njinga, atanyamula kalata yochokera ku koleji ina ku Canada yowalola kukaphunzira za ziweto. Mayeso a Chingerezi anali atakhoza kale. Chotsala chinali chilolezo cha boma la kumeneko choti akakhale monga wophunzira. Foni yawo inali ya mabatani, choncho imelo yawo ndinkaitsegula ndine.

Tinayamba pang'onopang'ono. Pasipoti timaisikana tsamba ndi tsamba, kenako n'kuphatikiza masamba onse kukhala fayilo imodzi. Fayiloyo ikakula, webusayiti imaikana. Ukaichepetsa kwambiri, zilembo zimafufutika. Chithunzi chimafuna khoma loyera kumbuyo, ndiye tinapachika nsalu ya tebulo pachitseko. Netiweki ikaduka uli pakati, umayambiranso. A Bernadetta ankakhala pa benchi n'kumandiuza mmene umadziwira ng'ombe imene bere lake layamba kutupa. Ndinkawatcha achemwali, iwo ankanditcha mng'ono wawo.

Tili mkati mosonkhanitsa mapepala, tinapeza kuti pali chinanso. Boma la kumeneko linali litaika malire pa chiwerengero cha ophunzira ochokera kunja. Chigawo chilichonse chinapatsidwa gawo lake, n'kugawira makoleji. Tsono pankafunika kalata yachiwiri, yosonyeza kuti munthuwe uli m'gulu la owerengedwawo. Popanda imeneyo, fomu yako sakanaiyang'ana n'komwe. Tinalembera koleji, ndipo inayankha kuti tidikire, makalatawo akukonzedwa.

Kudikirako ndi kumene kunawapweteka. Ku bungwe kuja anawafunsa ngati akupita kapena akukhala, chifukwa alimi sakanakhala opanda wowabayira ng'ombe. Iwo anasankha kutsanzika, ndipo analembedwa munthu wina. Munda anapatsa alongo awo kuti alime. Mwana anamutumiza kwa ang'ono awo ku Bangwe kuti azolowere sukulu ya kumeneko. Akhristu anzawo a kumphakati anawachitira mapemphero otsanzikana, mpaka kuwagulira jekete lolemera la pakaunjika.

Yankho linafika pa tsiku la msika. Magetsi anali atathima m'mawa, tikuyendera batire. Ndinatsegula imelo yawo monga mwa masiku onse, ndikuyembekezera zopanda pake za otsatsa malonda. Koleji inalemba mizere yochepa chabe. Malo amene inapatsidwa atha, kosi yawo sinapeze gawo, akhoza kuyesanso chaka chamawa. Ndinawerenga kachiwiri, kenako ndinatsegula fayilo ya mayeso a Chingerezi aja. Zotsatira zake zimakhala ndi nthawi yake, ndipo zawo zinali zoti zidzatha mphamvu chaka chamawacho chisanafike.

Che Yusufu anaona nkhope yanga. Nditawafotokozera, anavula magalasi.

"Usawaimbire," anatero. "Nkhani ngati imeneyi munthu aziimva atakhala pansi."

A Bernadetta anafika dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, atanditengera mapeyala m'jumbo. Ndinawapatsa mpando wanga, n'kutembenuzira laputopu kwa iwo. Anawerenga milomo ikuyenda pang'onopang'ono.

"Talakwitsa pati, mng'ono wanga?"

"Sitinalakwitse paliponse, achemwali."

"Mwina chithunzi chija. Paja nsalu ija inali ndi makwinya."

"Chithunzi sanachione. Palibe chimene anaona. Malo atha basi."

"Ndiye tikonze chiyani?"

Ntchito yanga yonse inali yokonza: fayilo ikakula ndichepetse, dzina likalakwika ndilembenso, netiweki ikaduka ndidikire. Apa panalibe chokonza. Mapepala awo onse anali bwinobwino mu foda ya dzina lawo, koma opanda kopita.

Anandipempha kuti tilembe kalata yodandaula. Anandiuza zolemba, ine ndikutayipa: kuti ntchito anasiya, kuti mwana anamusamutsa, kuti ng'ombe amazidziwa kuyambira ali mtsikana. Nditangotumiza, yankho linabwera nthawi yomweyo, la makina, lothokoza chifukwa cha uthenga wathu ndi kutiuza kuti makalata achuluka. Posakhalitsa inivata inayamba kulira, batire yatha, laputopu n'kutsala ndi moto wake wokha. Panja anthu ankagogoda pawindo kufunsa ngati mafoni awo adzaza.

Che Yusufu anawabweretsera madzi m'kapu. "Mayi, Mulungu ndiye mwini nthawi," anatero motsitsa mawu. A Bernadetta anagwedeza mutu, kumwa madziwo, n'kufunsa chinthu chimodzi chokha: "Kumphakati ndikanena kuti chiyani?" Anatuluka, ndipo njinga sanakwere. Ndinawaona akuikankha kudutsa pakati pa ogulitsa kabichi mpaka anakhota.

Ku bungwe malo awo anali ndi mwini. Munda unali utadzalidwa kale chimanga cha alongo awo. Anayamba kuyenda m'midzi ndi kachikwama, kutemera nkhuku katemera wa chitopa ndi kubaya mbuzi kwa amene wawaitana. Ana a m'njira ankawatcha "a ku Canada", ndipo akuluakulu ena ankaseka nawo. Kutchalitchi anayamba kupita Misa yoyamba, yomwe anthu amachepa. Chaka chitatha ndinakumana nawo pa Kadewere, n'kuwafunsa ngati tiyesenso. Anati mayeso aja sangawalembenso, mutu unatopa, ndipo anandifunsa za amayi anga kuti tisinthe nkhani.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo ofuna sukulu zakunja akubwerabe. Ndisanatsegule sikana ndimawauza kuti kalata ya koleji si chilolezo, ndipo kuli malire amene sayang'ana kuti munthu ndi wakhama bwanji. Ndimawapempha kuti asasiye ntchito, asapereke munda, asatsanzike aliyense kufikira chilolezo chili m'manja. Ambiri amamwetulira n'kunena kuti zawo ziyenda. Ena amandiuza kuti anatsanzika kale Lamulungu lapitali. Zikatero ndimangoti andipatse pasipoti, n'kuyamba tsamba loyamba.