Ndinakhala Chete, Katapila Anadya Manda a Mwana Wanga

Linali Lachinayi, 11 koloko m'mawa, pamene ndinatseka pakamwa pamsonkhano, ndipo chifukwa cha chete ameneyo lero mwana wanga alibe manda. Inu owerenga, ine sukulu ndinalekezera giredi 5, pagulu sinditha kulankhula, koma ndalemba kuti zimenezi zisakuonekereni.

Ndimakhala ku Makwasha, ku Zvishavane, tauni ya migodi ya anthu olankhula Chishona. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi wa asibesitosi, nafera konkuno ndi chifuwa. Anaikidwa kumanda akale a komboni, kuseri kwa mulu woyera wa dothi la mumgodi. Ife tinabadwira kuno, ku Malawi sitinapondeko.

Mwana wanga woyamba anangokhala masiku atatu. Pa mwambo wathu, khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta limaikidwa ndi amayi okhaokha, m'mphepete mwa manda, popanda bokosi. Dzenje lake limakhala losaya kuti mayi asaleke kubereka. Saikapo mtanda, salira mokweza, ndipo satchulanso. Patatha mwezi apongozi anga anandilozera malowo mwakachetechete, pansi pa mtengo waminga. Pamzere umenewo panagona makanda a amayi ambiri a kutchalitchi kwathu.

Chaka chatha kunabwera kampani ina yokumba golide, yofuna kulambula msewu pafupi ndi mandawo ndi katapila, chimakina chokumba dothi. Anatiitanira ku holo. Bambo wa kampaniyo anati awerenga manda onse ndipo palibe amene adzakhudzidwe. Koma iwo anawerenga mitanda ndi miyala ya mayina. Pamzere wa makanda anangoonapo udzu.

Akuluakulu a Chikaranga, eni nthaka kuno, anaimirira, nati phiri la makolo awo lisagumulidwe, ndipo zinalembedwa. Mkulu wina wa kwathu atafunsa za manda athu, bambo wina woledzera anakuwa kumbuyo ndi dzina lotinyoza ife a ku Malawi kuti, "Mabhurandaya, manda anu ali ku Malawi, kwerani basi!" Anthu anaseka, mkulu uja anakhala pansi.

Kenaka wa kampani anafunsa m'Chishona ngati pali manda amene aiwalika. Chipo, mwana wanga amene ndinabereka kumsana, anadzuka. Apongozi anali atamwalira, amuna anga anali ku Shurugwi kokumba golide. Ndinayang'ana Mai Mbewe, amene ana awo awiri ali pamzere womwewo, ndinapeza akuyang'ana pansi. Ndinadziuza kuti ndine yani ine, mdzukulu wa mlendo, kuti nditchule pamaso pa abambo chinthu chimene mwambo umati usatchule? Sindinakweze dzanja. Potuluka tinalemba mayina papepala, anatipatsa banzi ndi chakumwa, tinabalalika.

Patapita milungu itatu, ndikuchapa matewera, Mai Mbewe anafika wefuwefu, opanda mpango kumutu.

"Mai a Chipo, siyani zimenezo! Katapila wazula mtengo uja!"

Tinathamanga. Mtengo unali gone chammbali, mizu m'mwamba. Pamene panagona mwana wanga panali msewu wofiira, dothi lake litapita kale ndi malole. Mtanda wa agogo unali chiimire, sanaukhudze. Woyendetsa katapila anazimitsa injini, nalumbira kuti anauzidwa kuti apo palibe munthu. Ndinagwada ndi kufukula ndi zala mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Sindinapeze ngakhale kansalu.

Masana omwewo tinapita ku ofesi ya kampani. Mlembi anatulutsa pepala lija, naloza dzina langa lolembedwa ndi dzanja langa lomwe.

"Amai, munalipo. Bwanji simunanene?"

Amuna anga atafika madzulo kuchokera ku Shurugwi anandifunsa funso lomwelo. Ilo linandipweteka kuposa la mlembi.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, mwambo unatiletsa kulira mokweza, koma sunatitume kuti tipereke ana athu kwa katapila. Wobwera ndi makina amawerenga zimene maso ake akuona, zotsalazo zili m'mitu yathu. Akakusekani kuti ndinu alendo, kumbukirani kuti nthaka imene yameza agogo anu ndi mwana wanu muli nayo mawu. Akafunsa, imirirani. Ndipo musalembe dzina papepala musanafunse ntchito yake. Manyazi anga anangotenga kamphindi, koma ndidzawasenza mpaka kufa.

M'mawa mwake ndinabereka Chipo, ndinabwereka wilibala, ndipo ndinagogoda khomo ndi khomo kwa amayi onse amene ndinkadziwa kuti anataya khanda. Ena anakana kutsegula. Anayi ananditsatira. Tinatola miyala, tinapita kumbali imene katapila anali asanafike, ndipo aliyense analoza pake, ine ndikuunjika. Woyendetsa uja atabwera kudzaliza injini, anatipeza titakhala pansi kutsogolo kwa makina ake, miyendo titatambasula.