Mabenchi a Bambo Kalisto

Tsiku limenelo chiperoni chinakuta Bangwe yense, phiri osaoneka. A Kalisto, kalipentala amene akazi awo anamwalira, anaima pasukulu pomwe panamatidwa zotsatira za chisankho cha makhansala. Iwo anaimira kachipani kakang'ono, ndipo dzina lawo linali pansi penipeni. Amayi amene ankawavinira pamisonkhano anali ambiri kuposa mavoti awo.

Pobwerera anazembera kuseri kwa msika, koma anyamata a kabaza anawaona.

"Bwana khansala! Tikusiyeni ku ofesi?"

Sabata yonse shedi yawo inali yotseka. Kenako kunabwera alamu awo, a Bernadeta, akulu awo a malemu.

"Inunso, alamu?" anafunsa a Kalisto.

"Inenso sindinakuvotereni. Tsiku lija tinkaika mng'ono wanga, lole inali ya ndani? Nanga tenti ndi mipando? Zonse za chipani chachikulu. Inuyo munakwera kutsogolo. Chipani chanucho timangochiona nthawi ya kampeni. Tikawakhumudwitsa enawo, maliro athu adzanyamula ndani?"

Zinali zoona, a Kalisto anakweradi kutsogolo. Pamisonkhano ankanyoza zipani zogula anthu, kuiwala kuti misozi yawonso inagwera m'tenti ya eni ake.

M'mawa mwake anatola zidutswa za matabwa n'kukhoma benchi. Kenako ina. Kukamveka zovuta, ankasenza mabenchiwo pangolo yokankha, opanda penti ya chipani, opanda dzina. Ankatsitsa, kukhala kumbuyo, osalankhula. Ena ankati manyazi awasokoneza mutu. Akuluakulu a chipani chawo anathawira kwa opambana, iwo anatsala.

M'kupita kwa zaka anthu anayamba kusonkha okha, n'kugula tenti ya dera lonse. Lole ankabwereka kwa Hamudi, wogulitsa njerwa.

Chisankho china chitafika, a Kalisto anaimanso, opanda zitenje zogawa. Anapambana movutikira.

Inu amene mwagwa poyera, anthu akukusekani, funsani chimene iwo akuopa. Nthawi zina sakukukanani, akungoopa kutsala okha pa tsiku la tsoka. Manyazi asakutsekereni m'nyumba. Osagwa mphwayi.

A kabaza aja anabwera akuliza mahutala kuti awazungulitse tauni yonse. A Kalisto anawathokoza, n'kuyenda wapansi kukaona mlatho wothyoka wa kumsika.